Mlandu wa Kalaliki m'Kalasi ya Fomu 3

Munthu amene angaime m'mawa, dzuwa lisanakwere, pa mseu wotsika ku Ndirande kulowera ku Makata, kapena pa siteji ya minibasi ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ngakhale ku Machinjiri, adzaona khamu la amuna ndi akazi ovala malaya ositidwa bwino likuthamangira ku Limbe, ku Ginnery Corner, ku Chichiri ndi ku Victoria Avenue, kumene kuli maofesi, mabanki ndi mafakitale a mzinda wa Blantyre; ndipo akabwereranso pamalo pomwepo chakumadzulo, adzaona anthu omwewo akukwera chitunda kubwerera kwawo, ena akuseka ndi anzawo, koma ena ali duu, atasenza mumtima mawu amene adawameza masana pamaso pa bwana. Ana a anthu amenewa ndiwo amadzaza makalasi a sukulu za sekondale za m'malokeshoni athu. Ambiri a iwo sanalowepo mu ofesi kupitirira pa benchi ya alendo, komatu ofesiyo amaidziwa, pakuti imafika kunyumba kwawo tsiku ndi tsiku: amadziwa kuti mwezi ukafika pa 20 nyama imasanduka bonya m'mbale, amadziwa tanthauzo la kalata yochenjeza, ndipo dzina la bwana wa bambo awo amalidziwa ngakhale nkhope yake sanaione.

Funso limene ndifuna tilisinkhesinkhe n'lakuti, mphunzitsi wa nkhani zamchezo ndi zolembedwa, kaya za m'Chichewa kaya za m'Chingerezi, akaika pamaso pa ana otere nkhani yaifupi yonena za kusamvana kwa anthu a pa ntchito, awatsogolere motani kuti aizukute m'malo mongoibwereza. Nkhani ya mtundu umenewu ili ndi vuto lakelake. Mulibe mkango, mulibe mfiti, mulibe mwazi. Kawirikawiri chimene chimachitika n'chakuti pepala lasowa, wina walumphidwa pokweza anthu pa maudindo, kapena wina wayankha liwu limodzi limene sadayenere kuyankha, basi. Mwana wozolowera nkhani za imfa ndi chikondi akafika kumapeto amafunsa kuti, "Aphunzitsi, yatha pomwepa?" Ndipo mphunzitsi wotopa, poona kuti mphindi 40 za piriyodi yake zikutha, amathamangira ku bolodi kukalemba mfundo zazikulu zitatu, kaduka, katangale ndi kuleza mtima, ana n'kukopera, belu n'kulira. Ine ndikhulupirira kuti pamenepo m'pomwe ntchito imaonongekera, ndi kuti nkhani yotere iyenera kumvedwa monga umamvedwera mlandu pa bwalo, chigamulo n'kudza umboni wonse utatha.

Changu chothamangira ku phunziro la nkhani chili ndi mizu yake, ndipo si mizu yoipa. Tonsefe tidaleredwa ndi nthano za kumadzulo, m'mene Kalulu ndi Fisi amadziwika khalidwe lawo asanatsegule pakamwa, ndipo agogo potsiriza amatiuza choti titolepo. Sande sukulu, katekisimu ndi madarasa zidalimbikitsa chizolowezi chomwecho. Ngakhale mabuku athu oyamba adayenda m'njira imeneyi: Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara limene lidatuluka m'chaka cha 1933 ndipo ana a MSCE akhala akuliwerenga, limatsata munthu kuchokera ku ubwana wake wopulupudza kufikira kutembenuka mtima kwake, kotero kuti wowerenga sasokera pofuna kudziwa kumene mlembi waima. Kuwonjezera apo pali kuchepa kwa zipangizo. Chiyambire chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ofuna malo ku sekondale akhala akuchulukirachulukira. Malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sukulu zina zidayamba kuphunzitsa magulu awiri, la m'mawa ndi la masana, koma mabuku sadachuluke molingana ndi mitu ya ana. Pamene buku limodzi likuzunguliridwa ndi benchi yonse, manotsi oloweza amasanduka chuma, ndipo mwana angathe kulowa m'chipinda cha mayeso a MANEB kukayankha za nkhani imene sadaiwerengepo ndi maso ake. Sindiwaweruza aphunzitsi ochita zimenezi, pakuti katundu wawo ndimudziwa kulemera kwake. Koma ndinena kuti nkhani yaifupi ndiyo imene kusowa kwa mabuku sikungaitsekereze, popeza ingathe kuwerengedwa mokweza yonse, kawiri konse, m'phunziro limodzi la mapiriyodi awiri.

Amene adakhalapo pa bwalo la mfumu kumudzi adziwa dongosolo lake. Wodandaula amatula nkhani yake osadulidwa, woyankha mlandu amapatsidwa nthawi yofanana, mboni zimaitanidwa, nduna zimafunsa mafunso, ena obwerezabwereza, kufuna kuona ngati mawu a munthu agwirizana ndi amene adanena poyamba, ndipo mfumu, imene mwina idaona kale kumene mlandu ukupendekera, imakhala chete kufikira onse atatha, chifukwa ikayankhula msanga palibenso angalimbe mtima kunena zosiyana nayo. M'kalasi mfumuyo ndi mphunzitsi. Iye akangonena kuti bwana wa m'nkhaniyi ndi wankhanza, ana 70 adzalemba kuti ndi wankhanza mpaka tsiku la mayeso. Mboni za m'kalasi ndi mawu a pa tsamba, ndipo lamulo loyamba limene ana ayenera kulizolowera n'lakuti aliyense wonena kanthu za mpangankhani aloze mzere umene wamuuza zimenezo.

Tiyerekeze nkhani yotere, yofanana ndi zina zimene zimatuluka m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata. Kalaliki wina wa zaka zambiri pa ntchito, wokhala ku Chilomoni, wakhala akuyembekeza kukwezedwa. Mpando utapezeka, aupereka kwa mtsikana wa digiri amene wangofika kumene, amenenso kalalikiyo ndiye adamuphunzitsa kasungidwe ka mafayilo. Patapita masabata awiri, fayilo ya malipiro a kampani ina isowa pa tebulo la mtsikanayo tsiku lomwelo limene bwana wamkulu akuifuna. Mesenjala, amene adaona kalaliki akutsala mu ofesi madzulo a dzulo lake, afunsidwa ngati akudziwapo kanthu, ndipo ayankha kuti iye amangopanga tiyi. Nkhani ithera pamene kalaliki akupereka moni waulemu kwa mtsikanayo m'mawa mwake, fayilo itapezeka m'kabati m'mene simukhala mafayilo otere.

Akamaliza kuwerenga mokweza, mphunzitsi ayambe ndi zooneka ngati zazing'ono: ndani adayamba kulowa m'chipindamo, ndani adatsala, makiyi a kabati amasunga ndani, padapita masiku angati pakati pa kukwezedwa ndi kusowa kwa fayilo. Apa ana adzatsutsana, ena adzapempha kuti ndime ina iwerengedwenso, ndipo kupempha kumeneko ndiko chiyambi cha kuzukuta, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Posakhalitsa mwana wina adzazindikira kuti mlembi sadanene paliponse kuti kalaliki ndiye adabisa fayilo. Ife owerenga ndife tamusenzetsa mlanduwo, chifukwa cha chakukhosi chimene tikudziwa kuti ali nacho. Tsatanetsatane wa nkhani akayalidwa chotero pa bolodi, zochitika mbali ina, zongoganiziridwa mbali ina, ana amaona ndi maso awo kuti mzere wa zongoganiziridwa ndi wautali kuposa unzake.

Pambuyo pake n'kwabwino kuti ana ajambule makwerero a ofesiyo, kuyambira bwana wamkulu, wachiwiri wake, akauntanti, sekilitale, makalaliki, dalaivala, mesenjala, kufikira mlonda wa pa geti, ndipo pa dzina lililonse alembe chimene munthuyo akufuna ndi chimene akuopa kutaya. Pano ana a m'lokeshoni amaposa mphunzitsi wawo nzeru. Iwo adziwa kuti mesenjala amene akuti amangopanga tiyi sakubisa choona chifukwa chokonda kalaliki, koma chifukwa ali ndi lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande, ngongole ya katapila, ndi ana a mlongo wake amene akuwalipirira fizi. Adziwanso kuti makwerero olembedwa pa pepala si ndiwo makwerero enieni, pakuti sekilitale amene amasankha kalata yoti ifike pa tebulo la bwana lero ndi yoti idikire sabata yamawa, kapena dalaivala amene amakhala ndi khutu la bwana ulendo wonse wa ku Lilongwe, ali ndi mphamvu imene wachiwiri kwa bwana alibe, monga unenera mwambi wowawa uja kuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mkangano wa m'nkhani ukaonedwa chotero, umaleka kukhala wa munthu wabwino ndi munthu woipa, n'kukhala wa anthu awiri ofuna mpando umodzi, aliyense ali ndi chifukwa chomveka: wina wapereka zaka 20 za moyo wake, wina wapereka zaka zinayi ku yunivesite ndipo ngongole ya boma ili pamutu pake. Palinso mkangano wina wa mumtima mwa mesenjala, umene mlembi waupatsa mzere umodzi wokha, koma umene mwina ndiwo wanyamula nkhani yonse.

Chida chachikulu cha nkhondo ya mu ofesi ndi ulemu. Pa msika anthu akayambana amatukwanizana poyera, mlandu n'kuthera pomwepo. Mu ofesi munthu amapsa mtima atamanga tayi, ndipo amabaya mnzake ndi "zikomo bwana". Chifukwa chake ana aphunzire kutchera khutu ku kaitanidwe ka anthu. Bwana amene dzulo amati "achimwene" kwa kalaliki, lero n'kumuitana ndi dzina la bambo ake lokhalokha lopanda "a" patsogolo, wanena zambiri osakweza mawu; ndipo akasiya Chichewa n'kuyamba Chingerezi pakati pa chiganizo, aliyense m'chipindamo adziwa kuti ubale wayamba waima, chatsala ndi udindo. Kalaliki wa imvi amene akuti "madamu" kwa mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, yemwe mwezi wathawo ankamutcha "iwe", angakhale akumulemekeza, angakhalenso akumunyoza, ndipo chimene chingatiuze ndi mawu ozungulira pamenepo: kodi adaimirira, kodi adamuyang'ana kumaso, kodi manja ake adali kuti? Mphunzitsi auze ana awiri kapena atatu kuti awerenge moni womaliza uja, aliyense ndi liwu lake, wina modzichepetsa, wina mwachipongwe, wina mwamanyazi, kenaka kalasi igamule kuti ndi liwu liti limene ndime zam'mbuyo zikulichitira umboni. Msemphano, uja wonena china ukutanthauza china, umene ana amavutika nawo ukamafotokozedwa ndi choko, amaugwira msanga akaumva ndi makutu, popeza adaumva kale m'kamwa mwa azakhali awo.

Kwa ana amene akuonabe ngati nkhani za mu ofesi n'zachilendo, njira ilipo kale m'Buku Lopatulika limene ambiri a iwo adakula nalo. Mutu 6 wa buku la Danieli ndi nkhani ya pa ntchito yeniyeni: mfumu Dariyo aika akalonga 120, pamwamba pawo akulu atatu, ndipo pamene aganiza zokweza mmodzi wa atatuwo, mlendo wa mwa andende a ku Yuda, anzake afufuza m'kagwiridwe kake ka ntchito kufuna cholakwa, atachisowa, akonza lamulo la masiku 30 n'kukasainitsa kwa mfumu, imene izindikira mochedwa kuti dzanja lake lomwe lamanga munthu amene imamukonda. Ana onse amakumbukira dzenje la mikango, koma ndi ochepa amene adaonapo kuti chimene chidaponya Danieli m'dzenjemo ndi chikalata chosainidwa. Akaona zimenezi, fayilo yosowa ija imaleka kukhala kanthu kachabe.

Alembi a maiko ena adalemba kale za moyo umenewu, ndipo mphunzitsi wa Chingerezi angapeze kwa iwo nkhani zoti n'kuwerengedwa pa nthawi yochepa. Anton Chekhov wa ku Russia adalemba m'chaka cha 1883 kankhani kakafupi ka kalaliki Chervyakov, amene adayetsemulira mwangozi mkulu wina wa boma m'nyumba ya zisudzo, napepesa, napepesanso, namutsatira ku ofesi kukapepesa, kufikira mkuluyo adamukalipira, iye n'kupita kunyumba, n'kugona pa mpando, n'kufa. Ana amaseka, ndipo ayenera kuseka; funso lidze kuseka kutatha, lakuti mantha otere adabzalidwa ndi yani mwa munthu amene panalibe womuopseza. Koma nkhani imene ndiiona kuti ili pafupi kwambiri ndi moyo wa ku Bangwe ndi ku Machinjiri ndi "Counterparts" ya James Joyce, ya m'buku lake la Dubliners la 1914. Farrington ndi kalaliki wokopera zikalata mu ofesi ya maloya ku Dublin. Bwana wake, Alleyne, amukalipira chifukwa cha ntchito yosatha, iye ayankha mwachipongwe pamaso pa mlendo, akakamizidwa kupepesa, apinyolitsa wotchi yake, amwera ndalamazo ndi anzake, agonjetsedwa popimana mphamvu ya mkono ndi mnyamata wina m'bala, ndipo pofika kunyumba usiku, napeza moto utazima, akwapula mwana wake wamng'ono ndi ndodo.

Nkhani iyi ikamawerengedwa m'kalasi ya ku lokeshoni pamagwa bata lina limene mphunzitsi ayenera kulilemekeza, pakuti pa mabenchi amenewo pali ana amene ndodoyo adailawa. Asafunse konse kuti, "Ndani wa inu bambo ake amachita zotere?" Funso lotere limavula mwana pagulu, ndipo mwanayo sadzatsegulanso pakamwa chaka chonse. Mafunso onse akhale pa Farrington: kodi kalankhulidwe ka Alleyne kwa iye kakufanana bwanji ndi kalankhulidwe kake kwa mwana wake, kodi kupepesa kwa bambo masana kukufanana bwanji ndi kuchonderera kwa mwana usiku? Mwana wovulala adzadzitengera yekha chimene akufuna, mwakachetechete, ndipo mwina kwa nthawi yoyamba adzaona kuti mkwiyo umene umamugwera udayambira kwina, ngakhale kuti kudziwa gwero lake sikuchotsa mlandu pa dzanja limene lagwira ndodo. Kumvetsa munthu ndi kusamumasula pa cholakwa chake ziyenera kugwiridwa pamodzi, ndipo ndi nkhani zochepa zimene zimaphunzitsa zimenezi bwino kuposa iyi.

Funso lovuta koposa, limene n'kwabwino kulisungira ana a Fomu 4, ndi la wofotokoza nkhani: kodi zonsezi tikuziona ndi maso a yani? James Thurber wa ku America adasindikiza m'chaka cha 1942 nkhani yotchedwa "The Catbird Seat", ya Martin, mkulu wa chipinda cha mafayilo, munthu wofatsa wosamwa ndi wosasuta, amene akudana ndi Mayi Barrows, mlangizi watsopano wa mwini kampani, chifukwa akusanduliza madipatimenti ndipo watsala pang'ono kufika pa yake. Martin apita kunyumba kwa mayiyo usiku ndi maganizo omupha, koma asintha nzeru ali komweko: asuta fodya, amwa mowa, nanena kuti akukonza zopha bwana. M'mawa mwake mayiyo akanena zoonazo kwa bwana, palibe womukhulupirira, ayesedwa wamisala, natulutsidwa. Mlembi watiika m'mutu mwa Martin kuyambira pachiyambi, kotero kuti timakondwera naye pamene bodza lake lapambana. Mphunzitsi alole ana akondwere, kenaka awapemphe kulemba ndime imodzi yokha ya m'mawa umenewo monga Mayi Barrows akadaifotokozera mchemwali wake. Atsikana a m'kalasi sachedwa kuona chimene chachitika: mkazi wanena zoona, amuna agwirizana kuti wapenga. Pamenepo m'pomwe payenera kutchulidwa kuti dziko lathu lili ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013, loletsa kusala munthu chifukwa ndi mkazi ndiponso kumuvutitsa pa ntchito pofuna kugona naye, ndi kuti lamulo lotere limafooka ngati wodandaula sakhulupiriridwa.

Malo ndi nthawi ya nkhani, zimene ana amazilemba m'mzere umodzi kuti "mu ofesi, masana", ndizo zimasintha kulemera kwa liwu lililonse. Kalaliki wa mu Blantyre wa m'zaka za m'ma 1970 sankaopa kuchotsedwa ntchito kokha. Pa nthawi ya chipani chimodzi, mnzako wa pa tebulo loyandikana akakunenera kuti wanyoza boma, ukadatha kukagona ku Chichiri kapena ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, kotero kuti kukhala chete kwa mesenjala wa m'nkhani ya nthawi imeneyo n'kosiyana ndi kwa mesenjala wa lero. Ana a ku Ndirande ayenera kuuzidwa kuti m'mwezi wa May 1992, patangopita miyezi iwiri chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, pakhomo pawo penipeni, adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, sitalakayo n'kufalikira mumzinda, anthu ambiri n'kuphedwa ndi zipolopolo za apolisi. Auzidwenso kuti chaka chomwecho lidatuluka buku la Tiyambe Zeleza la Smouldering Charcoal, limene lidakhalapo pa mndandanda wa mabuku a MSCE, m'mene Mchere, wantchito wa pa fakitale yophika buledi, alowa m'sitalaka n'kuthera m'ndende. Lero zinthu zidasinthako: lamulo la Employment Act la 2000 likuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso wonenezedwa cholakwa apatsidwe mwayi wodziteteza, ndipo khoti la Industrial Relations Court limamva madandaulo otere. Mwana wodziwa izi angathe kufunsa funso lakuthwa, lakuti n'chifukwa chiyani mpangankhani wa lero, amene lamulo lili kumbali yake, akusankhabe kukhala chete. Komabe mphunzitsi asamale kuti phunziro la zolembedwa lisasanduke la mbiri kapena la malamulo. Izi zilowe mwachidule, pa mphindi imene ndime ya m'nkhani yazifuna, kenaka maso abwerere pa tsamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti, m'kuona kwanga, nkhani zazifupi za m'Chichewa zoima pa moyo wa mu ofesi n'zochepa poyerekeza ndi za ukwati, chokolo, ufiti ndi matenda, ngakhale kuti Blantyre wakhala mzinda wa makalaliki chiyambire masiku a Mandala, pamene sukulu za mishoni monga HHI zinkasula anyamata oti akagwire cholembera m'maofesi a atsamunda ndi a amalonda. M'Chingerezi Aubrey Kachingwe adatipatsa No Easy Task m'chaka cha 1966, lonena za mtolankhani wachinyamata, ndipo Legson Kayira adatulutsa The Civil Servant m'chaka cha 1971, koma awa ndi mabuku aatali. Wailesi ndiyo idagwira ntchitoyi mokhulupirika, pakuti sewero la Pamajiga la pa MBC lidazoloweretsa Amalawi kumva mikangano ya pa ntchito m'chiyankhulo chawo. Tsono mphunzitsi asadikire mabuku a pa silabasi okha, monga Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina. Adule nkhani za m'masamba a Malawi News ndi Weekend Nation, azimate pa makatoni, azisunge m'bokosi la dipatimenti. Nkhani yofooka nayonso imaphunzitsa, chifukwa ana akapeza okha kuti mlembi wathetsa mkangano ndi ngozi ya galimoto posowa njira ina, amayamba kuzindikira kuti nkhani ndi chinthu chopangidwa ndi munthu amene akadatha kusankha mwina. Ndipo ana akamalemba zawo, chimene n'chofunika ndithu, lamulo likhale lakuti asatchule dzina la kampani yeniyeni kapena la bwana weniweni wa kholo lawo, pakuti mapepala a ana amayenda, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Otsutsa adzati zonsezi n'zabwino, koma MANEB ifuna mayankho, ndipo silabasi ndi yaitali. Nkhawa yawo ndi yoona, pakuti satifiketi ya MSCE ndiyo khomo la ku yunivesite ndi la ku ofesi komweko, ndipo mayi wa ku Zingwangwa amene wagulitsa mandasi kuti alipire fizi sadzafunsa ngati mwana adasangalala ndi zokambirana. Koma funso la mayeso lofuna khalidwe la mpangankhani, kapena mfundo yaikulu ya nkhani, limafuna kuti mwana anene mfundo ndi kuichirikiza ndi zochitika za m'nkhanimo, ndipo mwana woloweza manotsi amagwa pomwepo funso likangotembenuzidwa pang'ono. Chifukwa chake mphindi 10 zomaliza zikhale za cholembera. Mwana aliyense alembe ndime imodzi ya ziganizo zinayi kapena zisanu: chigamulo chake pa mpangankhani mmodzi, zochitika ziwiri za m'nkhani zochichitira umboni, ndi chinthu chimodzi cha m'nkhani momwemo chimene chikutsutsana nacho, pamodzi ndi chifukwa chimene sakusinthira maganizo. Chomalizachi n'chimene ana amachikana poyamba, poopa kuti akavomereza umboni wotsutsa ataya malikisi, ndipo pamafunika masabata angapo kuti akhulupirire kuti yankho loona mbali zonse limalemera kuposa loona mbali imodzi. Mphunzitsi wa kalasi yodzaza sangachonge ndime zonse tsiku lililonse, ndipo asadzikakamize: atole 10 lero, zina 10 mawa, awerenge mokweza ziwiri zogamula mosiyana popanda kutchula eni ake, ndipo pamenepo, osati kale, anene maganizo ake iye mwini pa kalaliki, pa mtsikana wa digiri ndi pa mesenjala, akuloza mizere yake monga adalamulira ana.